Foni Imene Inkadziwa Chala cha Ababa Chokha

Ababa anamwalira m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titawaika. Ndi mmene timachitira ife Asilamu kwathu ku Chiuta, maliro sitigoneka. Ine uthenga unandipeza ku Balaka ndili pa makina, ndikusoka yunifolomu ya mwana wa eni, moti ndinafika kumudzi ulusi uli yangayanga pa chitenje. Ndinapeza amuna atasambitsa kale thupi, sanda atadula, ashehe atafika. Chilichonse chinakumbukiridwa tsiku limenelo kupatula chinthu chimodzi. Foni ya ababa inkatseguka ndi chala chawo chachikulu cha kumanja, ndipo chalacho chinapita nawo kumanda.

Foniyo inachokera kwa mlongo wanga wamng'ono amene ali ku Joni. Mmene anapitira ku Joniko ndi pamene pagona nkhani. Ababa atapita ku maliro a mnzawo ku Ulongwe, iye anagulitsa bwato lawo ndi maukonde ake omwe, napeza ndalama ya ulendo. Ababa atabwerako anapita kudooko, anayang'ana pamene bwato linkakhala, anabwerera kunyumba nafunsa ngati madzi osamba atentha. Sanakalipe, sanapite kupolisi. Anangosiya kutchula dzina la mwana wawoyo, nayamba kugula nsomba za makumba kwa asodzi anzawo n'kumaziumitsa, munthu amene moyo wake wonse ankapha yekha nsomba.

Mlongo wangayo ankaimba pa kafoni ka amayi ka mabatani. Kakangolira, ababa ankakumbukira kuti mbuzi sizinamwe madzi n'kutuluka. Zinayenda choncho zaka zingapo, mpaka tsiku lina anthu onyamula katundu wochokera ku Joni anabweretsa kabokosi. Munali foni yaikulu, yagalasi lokhalokha, yopanda kalata ngakhale moni. Ababa anaitembenuza uku ndi uku nati, "Ndiye bwato lija ndi limeneli?" Anaiika m'thumba la mkanjo ndipo sinachokenso m'menemo.

Amene anaikonza kuti iyambe kugwira ntchito ndi bambo wina wa kakanyumba kotchajira mafoni pa Nsanama. Ndi mmene anthu ambiri kwathu amachitira. Ukagula foni yotere umapita nayo kwa wodziwa, iye amadinadina, amakutsegulira akaunti m'dzina limene lamubwerera m'mutu, amaikamo nambala yachinsinsi imene waikonda iyeyo, iwe n'kulipira n'kumapita. Poona kuti ababa sawerenga, anawaikira zotsegula ndi chala. Akuti zinavuta, chifukwa chala cha msodzi chimakhala chitaperepeseka ndi zingwe za ukonde, koma pomaliza foni inachivomera. Bambo wa kakanyumbayo patapita nthawi anatseka, nawolokera ku Mozambiki kukagulitsa kaunjika, nambala yachinsinsi ili m'mutu mwake, ngati inalimo n'komwe.

Za bandulo palibe anawauza ababa. Iwo ankadziwa mayunitsi basi. Choncho mlongo wanga atatumiza uthenga wa mawu wopepesa, unangokhala m'malere osafika. Anadikira, anadikira, kenako anzake a ku Joniko, amene amadziwa chilichonse, anamuuza kuti mdala wakubuloka. Anakhulupirira, ndipo sanatumizenso wina.

Maliro atatha anaimba pa kafoni ka amayi. Kubwera sakanatha, mapepala ake ndi osalongosoka, komanso ngakhale akanakhala ndi mapiko akanapeza titafotsera kale. Ndinaika foni pokweza mawu kuti tonse timve. Analira, kenako anati, "Ababa apita osandilankhula. Zaka zonsezi ngakhale liwu limodzi."

Amayi anadzuka pa mphasa. "Iwe usandipsetse mtima pa maliro. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankakhala pansi pa mtengo wa mango kumbuyoku n'kumakulankhula pa foni yako ija. Iwe ndi amene sunkayankha."

"Amama, sindinalandirepo kanthu ine."

"Nanga ankalankhula ndi mbuzi?"

Ndinawafunsa amayi kuti ababa ankadina pati. Anandionetsa ndi chala m'mwamba: ankatsegula, n'kudina kachizindikiro kena, kenako kadontho kofiira pakati, manambala n'kuyamba kuthamanga. Ndinatenga foni yanga, ndinatsegula pojambulira mawu, n'kuwaonetsa. "Eya, pamenepo," anatero amayi mosakayika. Ababa anali ataona anthu kumsika akulankhula ndi foni ataiika pakamwa, akuti akutumiza mawu ku Joni. Iwonso anafufuza okha mpaka anapeza malo amene foni imamvetsera munthu akamalankhula. Kufunsa sakanafunsa, chifukwa kukanakhala kuvomera pagulu kuti akufuna mwana uja. Ndipo ababa anawaletsa amayi kuti asakamupemphe yankho mnyamatayo, akafuna ayankhe yekha. Amayi anamvera, poganiza kuti mwana watengera makani a bambo ake. Mawu onse a ababa, a Lachisanu lililonse, sanapite kulikonse. Anali m'foni momwemo, pa shelefu, pafupi ndi botolo la mafuta odzola.

Ndinamuuza mlongo wanga kuti angofunsa amayi zimene ababa ankanena, poti ankakhala pafupi akupeta mpunga. Anakana. "Amama azandithira shuga kuti ndisalire," anatero. "Ndikufuna ndimve pakamwa pa ababa ngati anandikhululukira kapena iyayi. Achemwali, itseguleni foniyo." Ndinamulonjeza, popeza ine ndine wa m'tauni ndipo kwathu amakhulupirira kuti munthu wokhala ku Balaka amadziwana ndi makina onse.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba pakhomo pathu, anamva nkhaniyi napukusa mutu. "Mukananena msanga," anatero, "tikanawagwiritsa chala tisanawasambitse." Ankanena zoona zawo, sikunali kuseka. Ndinamva pambuyo pake kuti ngakhale zimenezo sizikanatifikitsa patali, chifukwa foniyo ikangozima kamodzi imaiwala chala, imafuna nambala. Ndipo inali itazima kale, poti pa maliro palibe amakumbukira sola.

Ndinapita nayo ku Balaka. Poyamba ndinayesa zimene aliyense amayesa: wani thu firii folo, maziro anayi, chaka chimene ababa anabadwa. Chaka chimenecho nachonso chinali chongoganizira cha kalaliki wolemba ziphaso, amene anawayang'ana imvi n'kulemba. Foni inandiuza kuti ndidikire pang'ono ndisanayesenso. Nditayesanso inandiuza kuti ndidikire kwambiri. Ndinaona kuti ikulowera koti tsiku lina idzandiuza kuti ndibwere chaka chamawa, ndiye ndinaileka.

Wokonza mafoni wa pafupi ndi depoti anaiyang'ana kwa kanthawi kochepa nati, "Iyi n'njosavuta amayi, tingoifulasha."

"Kufulasha ndiye kutani?"

"Timaichapa yonse, imakhala ngati yatsopano."

"Nanga za m'katimo?"

"Zimapita."

Ndinailanda m'manja mwake. Ndinayenda kwa okonza ena atatu kapena anayi, mpaka ku Liwonde, ndipo onse mankhwala awo anali omwewo. Mmodzi yekha ndi amene anandiuza chilungamo, kuti loko ameneyu anapangidwa ndi anthu ophunzira kwambiri kuti asathyoledwe ndi munthu aliyense, ndipo ine ndine mmodzi wa anthu aliyensewo. Anati njira yokha ndi kupempha eni ake a kampani.

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti makampani amenewa alibe khomo. Fetereza akakhala wachinyengo ndimadziwa shopu yokakalipa. Makina anga osokera akavuta pali mdala wina amene ndimamupeza pakhonde lake. Koma kampani imene foni yake ili m'thumba la munthu aliyense, kuyambira ashehe mpaka wakabaza, ilibe ofesi, ilibe benchi yodikirira, ilibe ngakhale mlonda woti akuuze kuti abwana atuluka. Ili ndi tsamba la pa intaneti, la Chingerezi chokhachokha, ndipo kuti ulione uyenera kugula bandulo ndi ndalama zako.

Tsambalo linandifunsa imelo ya mwini foni. Sindinkaidziwa, inapita ku Mozambiki. Linati ndilembe nambala ya foni ya ababa kuti liwafufuze. Nditalemba linayankha kuti palibe akaunti ya nambala imeneyi. Malinga ndi kampaniyo, ababa sanakhalepo padziko. Pansi pake panali funso lakuti kodi yankholi landithandiza, ndi tizithunzi tiwiri ta chala chachikulu, china choloza kumwamba china pansi.

Ndinapeza malo olemberana ndi wothandiza. Ndinasangalala, ndinakhala bwino pa mpando, n'kulemba nkhani yonse m'Chingerezi changa cha fomu thu: bwato, maliro, mtengo wa mango. Yankho linabwera ndisanaphethire n'komwe, ndipo ndinadziwa kuti si munthu, chifukwa munthu sangawerenge za imfa ya bambo wa mnzake mofulumira choncho. Chinthucho chinati chamva chisoni kwambiri. Kenako chinandilangiza kuti ndipemphe mwini foni kuti alowetse nambala yake yachinsinsi. Ndinabwereza kuti mwini foni ali kumanda. Chinamvanso chisoni kwambiri, ndipo chinandifunsa ngati ndayesa kuzimitsa foni n'kuyatsanso.

Tsiku lina ndinafika pa tsamba la anthu oferedwa, moti lilipo. Ankafuna chiphaso cha imfa, chikalata cha khoti, lisiti yogulira foni, ndi umboni wakuti akauntiyo inali ya malemuyo. Ababa anafera pa mphasa yawo, umboni wake ndi mudzi wonse umene unanyamula jeneza, chithatha cha maliro awo. Foni inagulidwa pamsewu ku Joni kwa munthu amene lisiti sadziwa kuti n'chiyani. Ndipo kumapeto kwa tsambalo, m'zilembo zing'onozing'ono, analemba kuti ngakhale utabweretsa zonsezi, zimene zili m'kati mwa foni yokhomedwa iwo sangazitulutse. Ankatero pofuna kuteteza chinsinsi cha ababa.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Masiku omwewo foni yanga inayamba kundionetsa malonda a mafoni atsopano, a maluwa a pamaliro, ndi a inshuwalansi ya imfa. Ndiye kuti kwinakwake makina awo anamva bwinobwino kuti ndaferedwa. Amadziwa nsalu zimene ndimakonda, amadziwa kuti Loweruka ndimakhala kumsika, amadziwa kuti ndinafufuzapo za mankhwala a msana. Zoti ndine mwana wa ababa ndi zokhazo zimene zinawakanika kudziwa.

Foni ya ababa nayo sinkagona. Ngakhale inali yokhoma, mauthenga a malonda ankalowa bwinobwino n'kuonekera pagalasi. Ababa anauzidwa kuti abetche pa mpira. Anauzidwa kuti ali ndi mwayi wotenga ngongole. Anakumbutsidwa kuti nyimbo imene oimba foni amamva yatsala pang'ono kutha, ailipirenso. Ogula nsomba a ku Limbe ankaimbanso, ine n'kumayankha n'kumalengeza maliro kachiwiri, pakuti kuyankha foni yokhoma amalola.

M'mawa wina panabwera uthenga wa foni yeniyeniyo, wakuti malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza. Uthenga umenewu pa foni yanga ndimadana nawo, koma tsiku limenelo ndinaujambula n'kutumizira mlongo wanga. Ababa sankajambula zithunzi, sankadziwa nyimbo za pa foni. Chodzaza m'menemo chinali mawu awo basi. Mlongo wanga anayankha kuti, "Ndiye kuti anali ndi zambiri zondiuza." Kuyambira pamenepo ankaimba pafupifupi tsiku lililonse akaweruka, funso lake limodzi lomwelo: yatseguka? Anayamba kuonda ndi mawu omwe. Anandiuza kuti akumalakwitsa ntchito, ndipo bwana wake wamuchenjeza. Ine ndinkamuuza kuti ndikuyesabe, ndipo sindinkanama, ndinali nditamva za munthu wina ku Blantyre amene akuti ali ndi makina amphamvu.

Itakwana nthawi ya sadaka yaikulu, imene timachita pakatha masiku makumi anayi, ndinabwerera kumudzi ndi foni ija m'chikwama. Ndinaiika pa sola kuti isazime, n'kupita kukathandiza amayi anzanga kusankha mpunga. M'mawa umenewo amalume anakwera njinga yamoto kupita ku Nsanama kukagula shuga, mafuta ndi majani a tiyi. Amalume ndi munthu wabwino, ndipo amavutika mumtima akaona vuto la pakhomo likukhalitsa iwo alipo. Ankangodziwa kuti foni ikukana kutseguka, ndipo mwana wa mlongo wawo akuvutika nayo kumeneko ku Joni. Anaitenga osauza munthu, kuti atidabwitse.

Anabwerako masana, anthu atadzaza pabwalo. Anatsitsa katundu, anapukuta manja, natulutsa foni m'thumba ataikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Za ku Balaka zakanika, za pa Nsanama zatheka," anatero akumwetulira. "Mnyamata wokonza mafoni kumeneko sanachedwe nayo n'komwe. Akuti inadzaza zinyalala, wachotsa zonse, pano yapepuka."

Ndinaitenga. Inatseguka popanda chala, popanda nambala. Pagalasi panali mawu olonjera, akusinthasintha m'zilankhulo zambirimbiri, Chichewa ndi Chiyao palibe. Ndinapita pojambulira mawu paja. Munali mbee, ndi kadontho kofiira kaja pakati, kakudikira.

Ndinawakalipira amalume pamaso pa anthu, zinthu zimene mwana wamkazi woleredwa bwino sachita. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikukumbukira kuti kumwetulira kunawathera pang'onopang'ono pamene ankamvetsa, ndipo anakhala pansi pa thumba la shuga, chipewa chili m'manja. "Ine ndimati ndithandize," anatero. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandiwawa kwambiri. Mkwiyo wanga unalibe kolowera. Amene anapanga loko woti mwana wa malemu sangatsegule koma wapamsika aliyense angachape, anali kutali, ndipo mwina nthawi imeneyo anali kumwa tiyi.

Madzulo, alendo atayamba kubalalika, mlongo wanga anaimba pa foni yanga. Ndinapita nayo kuseri kwa nyumba. Sindinazungulire, ndinamuuza kuti yatseguka koma mulibe kanthu, ndipo mawu aja sadzabweranso. Kenako anati, "Chabwino achemwali, mwayesetsa," ndi mawu a munthu amene akufuna kudula foni kuti akalire payekha.

Amayi anali atanditsatira. Anandilanda foni, naigwira ndi manja awiri pakamwa, mmene amachitira.

"Iwe, tamvera kuno. Ine ndinalipo Lachisanu lililonse. Makutu anga sanawafulashe."

"Amama, musavutike."

"Khala chete. Ankayamba ndi salamu. Akatero ankakuuza mtengo wa makumba, kuti nyanja yaphwera mpaka pati, ndi mbuzi iti yaswa. Ankakuuza amene amwalira ndi amene akwatira. Tsiku lina anatha nthawi yonse akukufotokozera za dzino lawo."

"Za bwato ankanena?"

"Sabata iliyonse."

Ndinamva mlongo wanga akukoka mpweya. "Ankati chiyani?"

"Ankati ndiwe chitsiru," anatero amayi, osathira shuga ngakhale pang'ono. "Ankati bwato lija linali lodontha, linawamalizira phula, ndipo iwo anali ataganiza kale zoligulitsa. Ukanangotsegula pakamwa akanakupatsa okha ndalamayo, n'kukuperekeza mpaka pa Liwonde ngati mwana wa munthu, osati kuchoka ngati wakuba. Ankati amene unamulakwira ndi wogula uja, unamugulitsa chibowo, ukadzabwera ukamupepese iyeyo. Iwo ankati zawo zinatha kalekale, chimene chikuwatopetsa ndi kulankhula okha."



"Akamaliza," anapitiriza amayi, "ankati, 'Basi, ndatha ine, yankhatu.' Ndiye ankaigwira choncho foniyo, n'kukhala chete pang'ono kukudikira. Akaona kuti palibe, ankadina kofiira kaja n'kupempha madzi akumwa."

Amayi anadikira nawonso. Atamva kuti kuli zii, anayang'ana foni, anaigwedeza, nandipatsa. "Yadulanso netiweki yanuyi," anatero, n'kubwerera kumiphika.

Sinadule. Ndinaiika pakhutu, ndipo ndinamumva mlongo wanga akulankhula chapansipansi, koma sankalankhula ndi ine.

"Ndamva, ababa," ankatero. "Ndamva."